Makushoni Otsiriza a Bambo Gervazio

Bambo anga ankati iwo ndi amene amasamalira matako a ku Ulaya. Ankanena zimenezi pamaso pa aliyense, ngakhale pakhomo la tchalitchi Misa itangotha, ndipo ine ndinkalakalaka nthaka itandimeza. Makolo a anzanga anali manesi, ena madalaivala a basi, ena ankagwira ntchito ku eyapoti. Anga ankasoka makushoni a mipando ya pachingwe.

Kumayiko a mapiri a sinowo, chipale chofewa chija, anthu sakwera phiri ndi miyendo. Amakhala pampando wolendewera pachingwe chachitsulo, makina n'kumakoka mpaka pamwamba, kenako iwo n'kutsetsereka pa timatabwa tawo kubwerera pansi. Ku Ireland kuno mapiri otere kulibe. Koma kuseri kwa magalaja a ku Mulhuddart kunali shedi ya mkulu wina wa ku Austria, dzina lake Manfred, amene anakwatira mkazi wa ku Dublin n'kukhazikika. Kampani yake inali ya anthu awiri basi: iyeyo ndi bambo anga, a Gervazio. Manfred ankadziwa mapiri onse ndi eni ake. Bambo ankadziwa singano.

Kumudzi anali telala wa pakhonde la sitolo pa Chitakale, koma anakulira ku Likhubula, kumene ali mwana ankaona matabwa akutsika pachingwe kuchokera pamwamba pa phiri la Chambe. N'chifukwa chake sankalola kuti munthu awauze kuti ntchitoyi ndi yachilendo kwa iwo.

"Chingwe chathu chinkanyamula mkungudza," ankatero. "Chawochi chimanyamula matako. Kusiyana kwake n'komweko."

Anamwalira mu Seputembala 2017 ndi chibayo. Amalawi a mu Dublin anasonkhana, thupi tinalitumiza ku Mulanje kukagona pafupi ndi mayi anga. Nditabwerako kumaliro sindinapondenso ku koleji. Ndinali m'chaka chachiwiri cha uinjiniya, maphunziro amene bambo ankawatchula ponseponse ngati mwana wawo wachiwiri. Ankati iwo asoka khushoni, ine ndidzamanga chingwe chonse. Tsopano ndinkangogona m'chipinda chathu ku Santry, bedi lawo lili pomwepo, ndikuyang'ana makireni omanga nyumba zimene palibe aliyense wa ife akanakwanitsa lendi yake. Landilodi anali atanena kale kuti fulatiyo akugulitsa.

Mtima wanga unali ndi munthu mmodzi womuimba mlandu. Shedi ya Manfred inali yozizira ngati mochale. Nthawi zonse ndikapitako ndinkapeza chitseko chili pululu, hita ili pakona yosayatsa, bambo atavala jekete, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Ndinkadziwa chimene chinawapha, ndipo ndinkadziwa amene ankaumira magetsi.

Kumayambiriro kwa Novembala Manfred anandiimbira foni kuti ndikatenge katundu wa bambo.

Ndinamupeza atakhala pa mpando wakale wa anthu awiri umene unkalendewera pa mtanda wa denga. Pampando umenewo ndi pomwe bambo ankayeserapo khushoni iliyonse. Anaimirira movutikira, n'kundipatsa dzanja lake lotupa mfundo.

"Overstone. Waonda."

Pakhoma panali jekete ya bambo, kapu yawo ndi kolona. Patebulo panali mulu wa makushoni ofiira osokedwa kale, pambali pake masiponji odulidwa amene anali asanavekedwe nsalu.

"Pa Khrisimasi ndikutseka," anatero Manfred. "Shediyi aigula anthu ofuna kumanga nyumba yosungiramo makompyuta. Ngakhale akanapanda kugula, ntchito yatha. A Mpondamatiki apambana."

Dzinali analitchula mokhota, koma ndinalimva. Ndi dzina limene bambo anapatsa kampani yaikulu yopanga mipando ya pachingwe. Kale makampani otere analipo ambirimbiri, phiri lililonse ndi mtundu wake wa mipando, ndipo makushoni akang'ambika eni phiri ankaimbira Manfred. Koma chaka ndi chaka mapiri ankagwetsa zingwe zakale n'kugula kwa kampani imodzi yomweyo.

"Sindiwada eni mapiri," anapitiriza. "Ukagula zonse kwa munthu mmodzi, makaniko wako amaphunzira makina amodzi. Sitolo ya zipangizo imakhala imodzi. Chikathyoka, nambala yoimba ndi imodzi. Mipando yawo imabwera ndi makushoni ake, ena otenthetsa ndi magetsi, ndipo ukaikapo khushoni ya munthu wina iwo sakukonzeranso. Ndikanakhala ndi phiri, nanenso ndikanasaina."

"Nanga awa?" Ndinaloza makushoni ofiira aja.

"Oda yotsiriza. Kaphiri kena ka ku Scotland, koyendetsedwa ndi kalabu ya anthu a m'mudzi. Nawonso asaina. Chilimwe chikubwerachi chingwe chawo chigwetsedwa. Amangofuna kuti nyengo yomalizayi anthu akhale pabwino, poti makushoni awo ang'ambika. Anaitanitsa makumi anayi. Bambo ako anasoka theka." Anayang'ana manja ake. "Ine zala zinandikana kalekale. Lero ndimuimbira Sandra, amene amayang'anira chingwecho, ndimuuze kuti amate akalewo ndi tepi. Theka sangatenge. Safuna kuti anthu azilimbirana mipando yabwino."

"Ndiye amene bambo anasoka kalewa apita kuti?"

Maso ake anapita ku bini yaikulu imene inali panja.

Ndinanyamula khushoni imodzi. Msoko wake unali wowongoka ngati waujambula ndi lula, ndipo m'makona nsalu inapindidwa mwa njira imene ndinkaidziwa, pakuti ndi mmene ankapindira m'mphepete mwa thalauza langa la sukulu. Munthu uyu anasoka izi akutsokomola. Mlungu wake womaliza kuyenda ndi miyendo yake anauthera apa.

"Musamuimbire," ndinatero.

"Umatha kusoka?"

"Anandiphunzitsa."

Zinali zoona pang'ono. Loweruka lililonse ndili mwana ndinkakhala pa makina awo osokera, mpaka tsiku limene ndinawauza kuti ine sindinabwere ku Ulaya kudzasokera anthu pokhalira. Anangoseka tsiku limenelo, koma sanandiitanenso.

Manfred analoza mpando wolendewera uja. "Sandra abwera ndi vani kumapeto kwa mwezi. Adzayesa iliyonse pampando uwu. Ikapanda kukwana, satenga."

M'mawa mwake chinthu choyamba chimene ndinachita chinali kutseka chitseko ndi kuyatsa hita, ndikumuyang'ana Manfred m'maso. Anatsegula pakamwa, kenako anatseka, n'kupita kukafulula tiyi.

Manja amakumbukira zimene mutu unakana. Tsiku loyamba ndinathyola singano ziwiri, koma pofika lachitatu makina anayamba kundimvera. Nsaluyo inali ya pulasitiki, yochindikala, ndipo m'shedi motentha inkafewa bwino, n'kumayenda pansi pa singano ngati chitenje. Ndinasoka makushoni anayi. Nditawaika pafupi ndi amene bambo anasoka, sindinachite manyazi.

Panatsala chinthu chimodzi. Ndinkakumbukira kuti bambo ankakonda kupita ndi katundu wofiira kwa anti Rebecca, mayi wa ku Chipata amene ali ndi sitolo ya zakudya zakwathu tsidya lina la msewu. Kuseri kwa sitoloyo kuli firiza yaikulu yoti munthu n'kugonamo, yodzaza chambo, usipa ndi chigwada. Ndinaganiza kuti ndi mmene ankayesera ntchito yawo: khushoni ikapirira firiza, ipiriranso phiri. Ndinatenga anga anayi ndi imodzi ya bambo. Anti anali pakati pa makasitomala, anangondikodola ndi dzanja kuti ndidutse.

Nditabwerera tsiku lotsatira, ya bambo inali monga ndinaisiyira. Anga anali atapindika ngati chikopa chouma padzuwa. Nsalu inakokana, misoko inayasama moti mabowo a singano ankaonekera, ndipo malamba omangira kumpando anafupika. Madzi akanalowa tsiku loyamba lomwe.

Ndinakhala pa katoni ya mafuta ophikira, khushoni ili pamiyendo. Anti Rebecca anandipeza pomwepo.

"Iwe, nichani? Wabwera kulira pa nsomba zanga?"

"Zakanika, anti."

Anatenga khushoniyo, anaitembenuza, n'kuyamba kuseka mpaka kugwira firiza.

"Mayo ine! Mwana wa Gervazio wasoka mbale! Manje iwe unaika vosoka kale mu firiza?"

"Si mmene ankachitira bambo?"

"Ndani anakuuza? Atate ako sanabweretsepo khushoni muno olo tsiku limodzi. Anali kubweretsa mpukutu wa nsalu, wosadula. Madzulo auika apa, pakati pa usipa na chambo. Kuseni ine nikalibe kutsegula bwino, iwo ali kale pakhomo, 'Mlongo, katundu wanga.' Auika paphewa, liwiro kuwoloka msewu monga wakuba. Anali kuyeza na kudula nsalu ikali yozizira. Amati chinthu ichi chikazizira chimafupika, ndiye uchidule pa msinkhu umene chizakhala nawo kuphiri, osati wa mu Dublin."

"Nanga chitseko chija?"

"Chitseko chotsegula, hita yozima. Kuti nsalu isafewe asanatsirize kusoka. Iwe sunadziwe?"

"Ndinkayesa ndi Manfred. Ndinkayesa akuumira magetsi."

"Mzungu uja? Hita ija anagula ni yeve! Anakangana mpaka ine n'namva kuno."

Ndinaponya khushoni pansi. Kwa miyezi iwiri mkwiyo wanga unali ndi pokhala, tsopano unasowa kolowera.

"Ndiye kuti anadzipha okha," ndinatero. "Anandisiya ndekha chifukwa cha matako a anthu amene sadziwa n'dzina lawo lomwe."

Anti anasiya kuseka. Anatola khushoni ija, anaipukuta ndi epuloni ngakhale inali yowonongeka.

"Tseka pakamwa, mwana iwe. Chibayo chinapha amalume anga ku Chipata mu Okutobala, dzuwa lili ng'aa. Sitidziwa. Ine n'nawakalipira kangati? 'Valani majuzi awiri, achimwene, imwani tiyi.' Anali na makani, ee, monga iwe. Koma usakambe kuti anafera matako. Tsiku lina n'nawafunsa, 'Mudzivutitsiranji? Azungu azadziwa?' Ananiyankha kuti munthu akakhala pampando uja, ali m'mwamba, sangatsike. Khushoni ikalowa madzi, azazizidwa mpaka pamwamba, ndipo mwina ni mwana. Anati matako alibe maso, koma sanama."

Ndinaseka osafuna, misozi ili m'maso. Anali mawu awo enieni.

Nditabwerera ku shedi ndinazimitsa hita n'kutsegula chitseko. Manfred anandiyang'ana ali pampando wake uja.

"Munkadziwa," ndinatero. "Bwanji simunandiuze?"

"Unalowa muno n'kuyatsa hita ukundiyang'ana ngati ndine ndinakumba manda. Ndikanati uzimitse, ukanamva chiyani?" Anapukusa mutu. "Ndinati nsalu ya makushoni anayi ndingathe kuitaya. Koma yatsalayo ndi yokwanira ndendende, ndipo fakitale imene inkapanga yofiira chonchi inasiya. Ukalakwitsanso, tathera pomwepo."

Sindinapepese tsiku limenelo. Ndinangomufululira tiyi, ndipo iye analandira.

Kuyambira pamenepo moyo wanga unali wa bambo. Madzulo ndinkasenza mpukutu kupita nawo kwa anti. M'mawa ndinkatsika basi kukadali chisisira, n'kukagogoda. "Anti, katundu wanga." Iwo ankatsegula akung'ung'udza kuti banja lathu lidzawalipira liti lendi ya firiza, kenako n'kundipatsira mandasi m'thumba la jekete. Jeketeyo inali ya bambo. Inkandithina m'mapewa, ndipo m'thumba lina ndinapezamo choko chawo chodulira ndi maswiti a chifuwa.

Nsalu yozizira ndi yamwano. Siipindika, imaterera, ndipo choko sichigwira bwino pachinyezi. Uyenera kuyeza msanga, kudula msanga, isanayambe kufewa. Zala zinkachita dzanzi moti nthawi zina ndinkadzibaya osamva, n'kudzazindikira nditaona magazi, mwayi wake nsaluyo inali yofiira. Anti anandidulira nsonga za magolovesi. Manfred ankagwira mbali ina ya nsalu ndi zigongono, poti zala zake sizikanatha, akundiuza nkhani za mapiri amene ankagula kwa iwo: lina ku Slovenia, awiri ku Norway, lina ku Italy kumene mwini wake ankatumizira bambo tchizi chonunkha chimene iwo ankakapatsa ansembe. Onsewo tsopano anali a Mpondamatiki.

Masiku ena ndinkawakwiyirabe. Ndinkasoka ndikuwafunsa mumtima kuti juzi yachiwiri ikanawalemera bwanji, kuti chifuwa chitayamba analekeranji kupita kwa dokotala msanga. Makina ankangoyankha phokoso lawo. Koma pamene khushoni yoyamba yodulidwa mozizira inagona mufiriza n'kutuluka ili chimodzimodzi, ndinathamanga nayo kuwoloka msewu ndikukuwa ngati ndagoletsa chigoli, galimoto ina mpaka inandiimbira hutala.

Sandra anafika Lachisanu lomaliza la mweziwo, mvula ikuwaza. Anali mayi wamfupi wa imvi, nkhope yake yofiira ndi mphepo, manja ngati a mlimi. Anamukumbatira Manfred, kenako anatembenukira kwa ine.

"Ndiwe mwana wa Gervazio." Dzinalo analitchula lonse bwinobwino, osalidula kuti Gerry monga ankachitira anthu ambiri kuno. "Sindinakumane nawo. Nthawi zonse makushoni ankabwera pa lole. Pepa kwambiri."

Manfred anamuuza zoona, kuti theka ndasoka ndine. Nkhope ya mayiyo inasintha pang'ono. Anangovula jekete n'kuyamba ntchito.

Ankatenga khushoni, kuiyala pampando wolendewera uja, kumanga malamba, kukoka ndi mphamvu zake zonse, kuthirapo madzi a m'botolo, kenako kukhalapo n'kudzigwedeza. Makushoniwo tinali titawasakaniza. Ine ndinkadziwa anga, ndipo iliyonse ikafika m'manja mwake ndinkasiya kupuma. Pa ina anaitembenuza n'kuona pamene msoko unakhota pang'ono kunsi. Anayendetsapo chala, anandiyang'ana, n'kuiika pa mulu wa zabwino.

Atatsala pang'ono kumaliza anachita chinthu chodabwitsa. Ananyamula khushoni ina, imodzi mwa zanga, anaiika pamphuno n'kukoka mpweya. Anatenganso ina. Kenako anayamba kuseka.

"Ndi yomweyo! Fungo lija lilipo!"

Ndinamufunsa kuti, "Fungo lanji, mayi?"

"La nsomba! Zaka zonsezi, makushoni atsopano akafika, tikangotsegula katoni, kanyumba kathu konse kamanunkha nsomba mpaka mlungu. Anyamata a pachingwe ankati mwina ku Dublin amasokera padoko. Chaka china tinayesa kugula otchipa kwina. Analibe fungo, ndipo pofika Febuluwale anali atang'ambika onse. Kuyambira pamenepo mkulu wathu wa makina, katoni ikafika, amayamba wanunkhiza. Akamva nsomba amati, 'Awa ndi enieni, mangani.' Palibe amene anadziwa chifukwa chake."

Manfred anakhala pansi n'kubisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka. Sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira, ndipo ndikuganiza kuti nayenso sankadziwa.

"Ndi usipa," ndinatero. Mawu anatuluka mokweza kuposa mmene ndinkafunira. "Kansomba kakwathu. Bwerani ndikuonetseni."

Ndinawoloka naye msewu. Anti Rebecca atamva nkhaniyo anaika manja m'chiuno.

"Manje imwe, zaka zonse izi usipa wanga ukwera mapiri ya ku Scotland, ine osanilipira olo one euro?"

Anamutsegulira firiza, anamuonetsa mpata wa pakati pa makatoni pamene mpukutu unkagona. Sandra anaima pamenepo nthawi yaitali akuyang'ana mpatawo. Ndinamufotokozera za kudula nsalu yozizira, za chitseko, za hita. Za chibayo sindinanene. Potuluka anti anali atamugulitsa kale paketi ya usipa ndi kumuuza kaphikidwe kake, tomato wambiri, anyezi pang'ono.

Anatenga onse makumi anayi. Tikulongedza m'vani anandiuza kuti chingwe chatsopano chidzakhala chothamanga kawiri, cha mipando ya anthu anayi, ndipo iye mwini anavomereza nawo kuti agule, chifukwa zipangizo za chakalecho zinkasowa ndipo sakanalola kuti tsiku lina ana akakamire m'mwamba.

"Koma mpaka sinowo asungunuke," anatero akumenya chitseko cha vani, "aliyense wokwera phiri lathu akhala pa ntchito ya bambo ako. Ndi yako."

Vani itakhota pa magalaja, ndinabwerera m'shedi. Patebulo panalibe kanthu koma tizidutswa tofiira. Manfred anati mpando wolendewera uja ndiutenge ngati ndikuufuna. Ndinamuuza kuti ndilibe ngakhale denga loupachikapo, ndipo pofika Januwale sindikudziwa kumene ine ndemwe ndidzagone. Anti anamva za mpandowo tsiku lomwelo, ndipo anati upita kuseri kwa sitolo, pafupi ndi firiza, azikhalapo akamasankha nyemba.

Lamlungu ndinapita ku Misa koyamba chibwerere kumaliro. Titatuluka, bambo wina wa m'kwaya, amene mwana wake tinkaphunzira limodzi, anandigwira paphewa pamaso pa anthu.

"Overstone, tamva kuti sukulu unaisiya. Ndiye masiku ano ukupanga chiyani, mwanawe?"

Anthu angapo anatembenuka. Ndinali nditavala jekete ya bambo, ndipo ndikukhulupirira kuti inkanunkha usipa.

"Panopa, bambo," ndinatero, "ndikusamalira matako a ku Ulaya."

Mayi wina anagwira pakamwa. Wina kumbuyo anati, "Ee, Gervazio uja wadzuka!" Za koleji anandifunsabe, ndipo ndinawauza kuti sindinaganize. Koma funso loyambalo ndinaliyankha mokweza, moti ngakhale ansembe amene anali pakhomo anamva.